Skyrim ndi magemu a dziko lotseguka: chomwe chimakoka anthu ndi chomwe chimawakhumudwitsa

Mu Epulo 2025 kampani ya Bethesda inatulutsanso gemu yake ya 2006 yotchedwa Oblivion, itaikonza kuti ioneke yamakono. Nkhaniyi inadzutsa mkangano wakale pakati pa osewera: kodi magemu a mtundu umenewu ndi abwinodi, kapena anthu anangowazolowera? Kuno ku Mzuzu funso limabwera mwanjira ina. Ambirife tinakulira pa FIFA, Mortal Kombat ndi GTA San Andreas, ndiye munthu akaona mnzake pa laputopu akuyendetsa kamunthu m'phiri kwa theka la ola osamenyana ndi aliyense, amafunsa kuti, "Aise, ndiye gemu imeneyi umawina bwanji?" Makolo nawo ali ndi funso lawo akaona zinjoka zouluka ndi mitembo yoyenda pa sikirini ya mwana.

Kuti nkhaniyi imveke bwino titenge gemu imodzi, The Elder Scrolls V: Skyrim, yomwe inabwera pambuyo pa Oblivion. Ndiyo inagulidwa kwambiri pa magemu onse a Elder Scrolls, banja la magemu lomwe Oblivion ilimonso, ndipo mtundu wake woyamba umayenda ngakhale pa makompyuta akale. Mukaimvetsa, muona kuti zomwe anthu amaiyamikira nazo ndi zomwe amaidandaula nazo zimaphuka pa tsinde limodzi.

Mawu atatu ofunika kuwadziwa

Osewera amati Skyrim ndi open-world fantasy RPG. Open world ndi dziko lotseguka: mapu aakulu omwe mumayendamo kulikonse, nthawi iliyonse, popanda gemu kukuuzani kuti malizani kaye izi. Gemu ya njira imodzi ili ngati basi yochoka m'depoti ya Mzuzu kupita ku Karonga: mudutsa Ekwendeni, mutsika Chiweta, ndipo mumaima pomwe dalaivala waima. Gemu ya dziko lotseguka ili ngati akusiyeni pa Nyika ndi mapu m'manja, n'kukuuzani kuti phiri lililonse lomwe mukuliona mutha kulifika.

Fantasy ndi nkhani yopeka ya dziko lomwe kulibe, la malupanga, mauta, zamatsenga ndi zilombo za m'nthano. RPG ndi chidule cha role-playing game, gemu yomwe mumavala moyo wa munthu wina n'kumamukulitsa pang'onopang'ono. Magwero ake ndi Dungeons & Dragons, masewera a patebulo omwe anatuluka ku America mu 1974, momwe anthu ankalemba mphamvu za munthu wawo papepala n'kumaponya madayisi. Kompyuta inangotenga ntchito yowerengerayo.

Nkhani yake mwachidule

Skyrim inatuluka pa 11 Novembala 2011, motsogozedwa ndi Todd Howard. Mu 2023 iye ananena kuti makope oposa 60 miliyoni anali atagulidwa.

Gemu imayamba inu muli mkaidi pa ngolo, akukutengerani ku tauni ya Helgen kuti akakuduleni mutu. Nkhwangwa isanatsike, chinjoka chotchedwa Alduin chimatera n'kuwotcha tauni yonse. Mumathawa kudzera m'phanga, ndipo mukatulukira kunja, dziko lonse lakutsegukirani. Pambuyo pake mumadziwa kuti ndinu Dragonborn, munthu wokhala ndi mzimu wa chinjoka, wotha kufuula mawu a mphamvu m'chilankhulo cha zinjokazo. Mumasankha nokha mtundu wanu pa mitundu 10 yomwe ilipo, kuphatikizapo a Nord eni dziko la Skyrim, a Redguard a khungu lakuda, a Khajiit ooneka ngati amphaka ndi a Argonian ooneka ngati abuluzi.

Pambali pa zinjoka pali nkhondo yapachiweniweni pakati pa asilikali a ufumu waukulu wa Empire ndi oukira otsogozedwa ndi Ulfric Stormcloak. Komatu palibe chokukakamizani kutsata nkhani ziwirizi. Mutha kuzisiya zonse n'kukakhala mlenje, wosula zitsulo kapena mbava. Ndiye yankho la funso la "umawina bwanji" ndi lakuti nkhani yaikulu ili ndi mapeto ake, koma mukaimaliza gemu imangopitirira.

Mmene zimayendera mkati

Pali zinthu zinayi zomwe zimayendetsa gemuyi, ndipo mphamvu ndi zofooka zake zonse zimachokera pamenepo.

Choyamba ndi maluso. Alipo 18, monga kuponya mivi, kutchinga ndi chishango, kuzemba, kutsegula maloko, kusula ndi kusakaniza mankhwala. Luso lililonse limakula mukamaligwiritsa ntchito, mpaka pa 100. Maluso akakwera mokwanira, munthu wanu amakwera levulo, ndipo mumasankha kumuwonjezera moyo, mphamvu ya matsenga kapena mphamvu ya thupi. Magemu akale, kuphatikizapo Oblivion, ankafuna kuti musankhe poyamba penipeni ngati muli msilikali kapena wamatsenga. Skyrim inachotsa zimenezo: mumakhala chomwe mumachita.

Chachiwiri ndi kampasi ya pamwamba pa sikirini. Mukayandikira phanga, linga kapena manda omwe simunalowemo, kachizindikiro kamaonekera. Kanthu kakang'ono, koma ndiko nyambo ya gemu yonse. Mwanyamuka kuti mukapereke uthenga kumzinda wa Whiterun, kachizindikiro kaoneka chakumanja, mwapatuka. M'phangamo mwapeza kalata ya munthu wakufa yotchula malo ena, mwapatukanso. Maola atatu atha, uthenga uja udakali m'thumba.

Chachitatu ndi njira yomwe Bethesda imaitcha Radiant. Mishoni zina sizinalembedwe ndi munthu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kompyuta imatenga chikombole, monga "pitani kwakuti mukatenge chakuti", n'kudzazamo malo ndi katundu, kawirikawiri posankha malo omwe simunafikeko. Anthu a m'gemu nawo ali ndi ndondomeko yawo ya tsiku: amadzuka, amatsegula shopu, madzulo amapita komwera, usiku amagona.

Chachinayi ndi kukula kwa adani. Popeza gemu sidziwa komwe mupite poyamba, imayeza mphamvu za adani ambiri molingana ndi levulo yanu pa nthawi yomwe mwalowa malowo koyamba.

Pomwe pagona mphamvu yake

Chomwe Skyrim inachita bwino koposa ndi dziko lenilenilo. Lagawidwa m'zigawo 9, chilichonse ndi mfumu yake yotchedwa jarl, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nkhope yake. Whiterun ili pachigwa chotambalala momwe ziphona zimaweta njovu zaubweya. Riften yazunguliridwa ndi mitengo ya masamba ofiirira, pansi pake pali ngalande zomwe mbava zinakhazikikamo. Markarth inasemedwa m'thanthwe. Kumpoto, ku Winterhold, ndi chipale chofewa ndi mphepo basi. Amene amadziwa nkhungu ya m'mawa wa Juni pa Chikangawa sangavutike kumva chomwe opanga gemu ankafuna m'nkhalango za paini za ku Falkreath.

Mapiri a m'gemuyi sanaikidwe mwangozi. Amabisa zomwe zili kuseri ndipo amakukakamizani kuzungulira, motero dziko limaoneka lalikulu kuposa mmene lilili. Nkhani zambiri sizikambidwa ndi pakamwa. Mumapeza mafupa a munthu pafupi ndi bokosi lokhoma, kapena kabuku kolembedwa ndi munthu wa mumgodi masiku ake omaliza, n'kulumikiza nokha zomwe zinachitika. Muli mabuku mazanamazana owerengeka, ena a mbiri, ena a chipembedzo cha m'dzikolo, ena otsutsana okhaokha ngati mmene mbiri yeniyeni imakhalira. Nyimbo za Jeremy Soule nazo zimanyamula theka la ulendo.

Nkhondo yapachiweniweni inalembedwa mwanzeru pa chiyambi chake. Empire inagonja pa zokambirana ndi adani ake a Thalmor n'kuvomera kuletsa kupembedza Talos, mulungu wokondedwa wa a Nord. Ulfric akumenyera ufulu wopembedza ndi kudzilamulira, zomwe zimamveka zoyenera. Koma mukafika mumzinda wake wa Windhelm mupeza othawa kwawo a mtundu wa Dunmer atawaunjika m'dera losauka la Gray Quarter, ndipo a Argonian amagona kudoko, kunja kwa linga. Mbali ya Empire nayo ndi yomwe inkafuna kukudulani mutu dzina lanu lisali ngakhale pa mndandanda. Mpaka lero osewera amakangana kuti wolondola ndani, ndipo gemu siyankha.

Mphamvu ina ndi kuphweka kwake. Munthu amene sanasewerepo RPG atha kuyamba popanda kuwerenga malamulo, ndipo akalakwitsa posankha sakhala kuti wawononga zonse. Wayamba ndi lupanga, lamutopetsa, watola uta, gemu ikupitirira.

Mtengo wa ufulu umenewu

Tsopano taonani mbali inayo ya zinthu zomwezi. Opanga gemu anafuna kuti wosewera aliyense athe kuona chilichonse pa ulendo umodzi. Zotsatira zake n'zakuti zitseko sizitsekeka, ndipo chisankho chomwe sichitseka chitseko chilichonse sichilemera.

Chitsanzo chodziwika ndi magulu anayi akuluakulu: ankhondo a Companions, sukulu ya zamatsenga ya College of Winterhold, gulu la mbava la Thieves Guild ndi gulu la zigawenga zopha anthu la Dark Brotherhood. Munthu mmodzi atha kukhala mtsogoleri wa onse anayi. Mutha kukhala mkulu wa sukulu ya zamatsenga mukudziwa matsenga ochepa kwambiri, adani onse mutawagonjetsa ndi nkhwangwa. Kwa ena umenewu ndi ufulu wokoma. Kwa ena zimachotsa tanthauzo la udindowo, ndipo ine ndikuona kuti dandauloli lili ndi maziko, chifukwa RPG imayenera kukuchititsani kumva kuti munthu amene mwamupanga ndi wosiyana ndi wa mnzanu.

Dziko nalo silisintha mokwanira. Mukapambanitsa mbali imodzi pa nkhondo ija, mafumu ena amachotsedwa, alonda amasintha yunifolomu, koma moyo wa m'tauni umakhala chimodzimodzi. Mwagonjetsa Alduin, mwapulumutsa dziko, komabe wina akukutumani kuti mukamutengere katundu ngati mlendo wongofika kumene. Anthu ena ofunika pa nkhani safa ngakhale muwamenye bwanji, amangogwada n'kudzukanso, chifukwa akafa mishoni zina zingaduke. Yerekezani ndi The Witcher 3 ya 2015, yopangidwa ndi CD Projekt Red ya ku Poland. Mmenemo simusankha kuti mukhale ndani, ndinu Geralt basi, koma chifukwa olemba ankamudziwa munthu wawo, anatha kulemba nkhani ngati ya Bloody Baron, momwe chisankho chanu chimatsimikiza ngati banja lina lipulumuke kapena liwonongeke, ndipo zotsatira mumaziona patadutsa maola. Witcher inachepetsa ufulu n'kupeza kuya. Skyrim inasankha mosemphanitsa.

Mishoni za Radiant sizitha, koma pakapita nthawi mumayamba kuona chikombole chake. Manda ambiri a a Nord amafanana kamangidwe: makonde, mitembo yoyenda yotchedwa draugr, chitseko chofuna kutembenuza zithunzi za nyama, mdani wamkulu, bokosi la chuma, kenako kanjira kachidule kotulukira. Koyamba zimasangalatsa, kakhumi mumadziwiratu. Mawu nawonso amabwerezeka. Ngakhale anthu oposa 70 anajambula mawu a gemuyi, anthu a m'dzikolo ndi ochuluka zedi, moti liwu la wogulitsa wa tauni ino mulimvanso kwa msilikali wa tauni ina. Alonda a m'mizinda yosiyanasiyana amakuuzani nkhani imodzimodzi yakuti kale ankayendayenda ngati inu mpaka muvi unawalasa pabondo, ndipo mawuwa anasanduka nthabwala ya pa intaneti padziko lonse.

Kamenyedwe ka nkhondo ndi kosazama. Ndi lupanga, nthawi zambiri mumangomenya, kutchinga, kumwa mankhwala, kumenyanso. Mukakweza kuvuta kwa gemu, adani sachenjera, amangopweteka kwambiri ndi kuchedwa kufa. Amene anasewerapo Elden Ring ya 2022, ya kampani ya FromSoftware ya ku Japan, momwe mdani aliyense muyenera kuphunzira mayendedwe ake, amaona kusiyanaku msanga. Njira zina zimaposanso zinzake mopitirira: kuzemba uku mukuponya mivi n'kwamphamvu kwambiri moti osewera ambiri amene anayamba ndi cholinga china amathera komweko. Mdani amalasidwa muvi, amafufuza kwa kanthawi, kenako n'kunena kuti mwina inali mphepo.

Kukula kwa adani kuli ndi msampha wake. Levulo yanu imakwera ndi luso lililonse, ngakhale losakhudza nkhondo. Mukakhalitsa mukusula ndi kugulitsa, levulo ikwera, adani akula, koma dzanja lanu la lupanga lili pomwe linali. Wosula wa m'gemu amapezeka akukumana ndi adani oyenera katswiri.

Ma bug ndi anthu amene amawakonza

Bug ndi cholakwika cha m'pulogalamu, pomwe gemu ichita zomwe opanga sanafune. Skyrim imadziwika nazo. Chiphona chikakumenyani ndi chibonga mumaulukira kumitambo. Mahatchi amakwera phiri loongoka ngati khoma. Osewera anatulukira kuti mukamuveka ndowa kumutu wogulitsa m'shopu, saona mukamaba. Kukonza kwina koyambirira kunachititsa zinjoka kuuluka chafutambuyo. Zina n'zoseketsa, koma zina zimapweteka, monga mishoni yokana kupitirira mutataya maola ambiri.

Chifukwa chake chikugwirizana ndi ufulu uja. M'magemu ambiri, mbale ya patebulo ndi chithunzi chabe. Mu Skyrim mutha kuinyamula, kuiponya, kukaisiya m'nyumba ina, ndipo gemu iyenera kukumbukira. Wonjezerani anthu mazana oyenda pa ndondomeko zawo, zinjoka zotera paliponse, ndi wosewera wochita mishoni m'dongosolo lomwe palibe analiganizira. Njira zomwe zinthu zingasemphanire n'zambiri kuposa zomwe gulu lililonse loyesa gemu lingaone. Pa PlayStation 3 vutoli linakula: fayilo yosunga pomwe mwafika inkanenepa mukamasewera, makinawo anali ndi memore yochepa, ndipo gemu inkayamba kudodoma. Izi zikufotokoza gwero la vuto, koma ogula ali ndi ufulu wonena kuti analipira chinthu chomwe chinayenera kuyesedwa mokwanira.

Apa m'pomwe pamabwera ma mod, zosintha zomwe osewera amapanga okha. Mu Febuluwale 2012 Bethesda inatulutsa Creation Kit, chida chofanana ndi chomwe iwo anapangira gemuyo. Kuchokera pamenepo anthu apanga ma mod masauzande ambiri, ochuluka ali pa webusaiti ya Nexus Mods. Gulu lina lodzipereka linapanga Unofficial Skyrim Patch yokonza zolakwika zomwe kampani inazisiya. Gulu la SureAI la ku Germany linapanga Enderal mu 2016, gemu yathunthu ya dziko lake yomangidwa pa mafupa a Skyrim. Nick Pearce wa ku Australia anapanga The Forgotten City, yomwe inapata mphoto ya olemba m'dziko lakwawo ndipo mu 2021 inatuluka ngati gemu yoima payokha. Kwa wophunzira za makompyuta pa Mzuni kapena wachinyamata wodziphunzitsa yekha ku Katoto, ili ndi khomo lenileni lolowera m'ntchito yopanga magemu, chifukwa mumatsegula gemu yomalizidwa n'kuona mmene inalumikizidwira.

Ma mod ali ndi mkangano wawo. Ena amati ndi umboni wakuti gemuyi ili ndi maziko olimba. Ena amati kampani imadalira anthu osalipidwa kuti aimalizire ntchito. Mu Epulo 2015 Bethesda inayesa kugulitsa ma mod pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, osewera anakwiya, ndipo ndondomekoyo inathetsedwa pasanathe sabata. Inabweranso mwanjira ina mu 2017 ndi dzina la Creation Club.

Funso la makolo

Gemuyi si ya ana, ndipo opanga sabisa. Bungwe loika misinkhu pa magemu ku America, ESRB, linaiika pa zaka 17 kupita m'tsogolo, pomwe la ku Ulaya, PEGI, linaiika pa 18. Muli magazi, kudula mitu, mowa, anamapopa, ndi mishoni zotumikira mizimu yoipa yotchedwa Daedra. Zambiri mwa izi wosewera atha kuzikana, ndipo gulu la Dark Brotherhood mutha kusankha kulithetsa m'malo molowamo, koma kumenyana ndi kupha adani n'kosapeweka.

Pa zamatsenga, mabanja amasiyana. Ena amaziona ngati nthano za pamoto zomwe zilinso ndi zilombo ndi mizimu, ena chikhulupiriro chawo sichilola ngakhale zopeka za mtunduwu m'nyumba. Chomwe chingathandize onse ndi kudziwa mmene zimachitikira: wosewera amadina batani, kamunthu kamatulutsa moto m'manja, nambala ya moyo wa mdani imatsika. Milungu, miyambo ndi chilankhulo cha zinjoka zinapekedwa ndi olemba a kampaniyo.

Nkhani ya nthawi ndi yomwe imakhudza aliyense. Mpira wa FIFA umatha m'mphindi zochepa ndipo mumadziwa poimira. Skyrim ilibe wezulo yomaliza. Nkhani yaikulu yokha imatenga maola pafupifupi 30, ndipo kufuna kuona zonse kumadya maola mazana. Bungwe la World Health Organization linavomereza mu 2019 kuti kumwerekera ndi magemu ndi vuto la umoyo, koma linafotokoza kuti si kusewera kwambiri chabe: ndi pomwe munthu walephera kudziletsa, gemu yaposa sukulu, ntchito ndi abale, ndipo akupitiriza ngakhale akuona kuwonongeka, kawirikawiri kwa miyezi 12. Ambiri osewera safika pamenepo.

Kuisewera muli ku Mzuzu

M'malo olipira osewerera magemu, ngati omwe mumawapeza ku Chibavi kapena ku Luwinga, Skyrim siyenda malonda. Kumeneko mumalipira gemu imodzi kapena ola limodzi, anthu awiri pa sikirini, ena akudikira pabenchi. Skyrim ndi ya munthu mmodzi ndipo imafuna kuti pomwe mwasiyira lero mudzapezepo mawa. Imakoma kwa amene ali ndi makina ake.

Kumbali ya makina, ukalamba wake ndi mwayi. Mtundu wa 2011 unkafuna RAM (memore ya kompyuta) ya 2GB ndi malo a 6GB. Special Edition ya 2016 imafuna RAM ya 8GB ndi malo a 12GB. Oblivion yatsopano ija imafuna malo a 125GB, ndipo aliyense wogula bandulo akudziwa tanthauzo la nambala imeneyo. Mukaika Skyrim, simufunikanso intaneti kuti musewere. Vuto limakhala pogula, chifukwa Steam imafuna khadi lotha kulipira kunja, zomwe si zapafupi m'nyengo ya kusowa kwa ndalama zakunja. N'chifukwa chake makope osavomerezeka amayenda pa mafulashi, ngakhale amabwera ndi chiopsezo cha mavayirasi ndipo salandira zokonza.

Magetsi akamazimazima, zolowerani kuseva pafupipafupi. Pa kompyuta, batani la F5 limasunga pomwepo, koma musadalire fayilo imodzi, chifukwa makina akazima gemu ili mkati mosunga, fayiloyo itha kuwonongeka. Dziwaninso kuti Skyrim ilibe mtundu wovomerezeka wa Android kapena iPhone, choncho mukaona wina akugawa fayilo yake ya pafoni, si ya Bethesda. Ya dziko lotseguka yomwe ilipodi pafoni ndi monga Genshin Impact ya 2020, yaulere poyamba, koma imafuna intaneti nthawi zonse ndipo imapeza ndalama pogulitsa mwayi wa maere wopezera anthu ndi zida.

Chilankhulo ndi chotchinga china. Gemuyi ilibe Chichewa, Chitumbuka kapena chilankhulo chilichonse cha mu Africa, ndipo Chingerezi chake chimasakaniza mawu achikale ndi mayina opeka. Kuyatsa mawu olembedwa pansi pa sikirini kumathandiza kwambiri, apo ayi mbali yabwino ya nkhani imakudutsani n'kutsala ndi kumenyana kokha, komwe ndi kofooka kale.

Gemu yotsatira, The Elder Scrolls VI, inalengezedwa mu Juni 2018. Pakati apa Microsoft inagula ZeniMax, kampani yomwe ndi mwini wa Bethesda, pa mtengo wa madola 7.5 biliyoni, ndipo malondawo anatha mu Malichi 2021. Skyrim yokha yatulutsidwanso kangapo, kuphatikizapo pa Nintendo Switch mu 2017 ndi Anniversary Edition ya 2021, pomwe yachisanu ndi chimodziyo osewera akuidikirabe.